Utsi wa M'chikuta cha Zulfa

Shamim anayamba kutsokomola asanakwanitse mwezi chibadwire. Poyamba chinali chifuwa chaching'ono, choti munthu akhoza kuchinyozera. Koma tsiku lina m'mawa khandalo linakana bere. Linkapuma mothamanga, ndipo Zulfa, mayi wa khandalo, atalivundukula anaona kuti m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati likamakoka mpweya. Ameneyu anali mwana wake woyamba. Mantha anamugwira, nathamangira panja kukaitana amayi ake omubereka, amene ankawaza chikuni kuseri kwa nyumba.

Amayiwo dzina lawo linali Zaina, koma m'mudzi mwawo, kufupi ndi Nsanama ku Machinga, aliyense ankawatchula kuti Abiti Hamadi. Anabereka ana asanu ndi mmodzi, onse ali moyo, ndipo ukakhala nawo pamphasa nkhani imeneyi sunkachedwa kuimva. Mkazi akachira m'mudzimo n'kubwerako kuchipatala, amene ankaitanidwa kukayang'anira chikuta anali iwowa. Chikuta ndi nthawi ija mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndipo pa nkhani imeneyi Abiti Hamadi analibe wowatsutsa.

Lamulo lawo linali limodzi: khanda ndi mphepo zisaonane. Ndiye itafika nthawi ya mwana wawo weniweni, anachita kuonjeza. Zenera la chipinda analitseka ndi thumba la feteleza. Pansi pa chitseko anatsindirapo chiguduli. Pakati pa chipindacho anaika mafuwa atatu, n'kusonkha moto woti usazime. Nkhuni zouma masiku ano zili kutali, choncho anadula nthambi za mango wa pakhomo, n'kumanena kuti chikuni chachiwisi ndiye chabwino chifukwa chimakhalitsa. Phala la Zulfa ankaphikira momwemo, madzi osamba ankatenthetsera momwemo. Mchombo unagwa, koma popeza inali nyengo ya chiperoni, kunja kuli mphepo ndi mvula yowaza, Abiti Hamadi anati moto upitirire. Zulfa akadandaula kuti maso akumuwawa, ankamuyankha kuti uchembere si masewera.

Komatu pakhomopo panali mbaula ya chitetezo, ija youmba ndi dongo n'kuotcha, imene imadya nkhuni zochepa ndi kutulutsa utsi wochepa. Anabwera nayo Ayub, mwamuna wa Zulfa, amene ndi mphunzitsi ku Balaka, tsiku limene anaperekeza mkazi wake kudzadikirira kwa amayi ake. Ku Balakako amakhala m'nyumba za lendi zogundizana, ndipo mwini nyumbazo analetsa moto wa pamafuwa chifukwa utsi wa khomo limodzi umakathera m'nyumba za ena. Ndi mmene banjalo linaidziwira mbaulayi, ndipo linaikonda. Ayub anagula ina kwa amayi oumba mbaula pa Ulongwe, naimanga bwinobwino panjinga yamoto kuti isasweke, n'kuipereka kudzera mwa mkazi wake monga mwa ulemu, popeza mkamwini sayandikana ndi apongozi ake.

Abiti Hamadi anathokoza ndi pakamwa pokha. Mumtima zinawawawa. Mkamwini wa dzulodzuloli, amene ngakhale khasu amaligwira ngati choko, awaphunzitse iwo kusonkha moto? Njinga itangokhota, mbaulayo inakalowa pansi pa nkhokwe. Zulfa anaifunsapo kamodzi ali m'chikuta, koma anauzidwa kuti zachitaunizo akachitire konko ku Balaka.

Tsono m'mawa umenewo, ataona mdzukulu wawo akuvutika kupuma, Abiti Hamadi anachita mantha kwambiri, pakuti mwanayo ankamukonda kuposa mmene pakamwa pawo pankanenera. Koma maganizo awo anathamangira kolakwika. Siingakhale mphepo, poti mabowo onse anatseka ndi manja awo. Ndiye chatsala n'chiyani? Tsempho. Akuluakulu amati bambo akayenda ndi mkazi wina khanda lisanakhwime, khandalo limadwala. Ndipo Ayub anali yekha kutauni.

Anatenga foni naimbira mlongo wawo, Che Twalibu, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo. Abiti Hamadi akamalankhula pafoni amakweza mawu ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa dambo, ndipo tsiku limenelo anaimirira pabwalo penipeni. Anauza Che Twalibu kuti amufunse mkamwiniyo kumene akugona masiku ano, chifukwa wamutsempha mwana. Amayi amene ankachokera kumjigo anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Wina anatula ndowa kuti akonze nkhata imene inali bwinobwino. M'nyumba Zulfa anamva zonse, nayamba kulira.

Mmodzi mwa anthu amene anamva anali Luckness, mlangizi wa zaumoyo, amene nyumba yake inali tsidya lina la njira. Iye sanabwerere za tsemphozo. Chimene chinamudzutsa n'chakuti khanda likudwala. Anaodira, nalowa m'chipindamo, ndipo asanafike pamphasa anali atayamba kale kutsokomola, misozi ili chuchuchu. Anamunyamula Shamim n'kutuluka naye pakhonde. Abiti Hamadi anafuna kumutsekereza chifukwa cha mphepo, koma Luckness anali atamufunditsa kale mwanayo, akuyang'anitsitsa kachifuwa kake.

"Amayi," anatero Luckness modekha, "za tsemphozo mudzakambirana mwana atachira. Uku ndi kupuma kwa chibayo. Tikachedwa timutaya mwanayu. Tiyeni kuchipatala panopa."

Atamva mawu akuti timutaya, Abiti Hamadi anagonja. Sanatsutsenso. Luckness anaitana njinga zamoto za kabaza, ndipo anakwera osatseka n'komwe chitseko.

Kuchipatala chaching'ono cha m'deralo namwino anawalowetsa osadikira pamzere. Anamumvetsera mwanayo pachifuwa, kenako anatenga thonje napukuta m'mphuno mwake. Thonjelo linatuluka lakuda. Namwinoyo analiyang'ana, nanunkhiza nsalu imene anakulungira mwana, n'kufunsa mosakalipa ngati khandali limagona m'khitchini. Zulfa anangowerama. Chitseko chinali chotsegula, ndipo pabenchi panja panali amayi a sikelo, ena a m'mudzi momwemo, ena oti chikuta chawo anayang'anira Abiti Hamadi omwewa. Abiti Hamadi anakokera mpango wawo kumaso.

Mwanayo anamubaya jekeseni, nawatumiza pa ambulansi kuchipatala chachikulu cha ku Liwonde. Kumeneko anamugoneka pa kabedi, namuika timapaipi ta mpweya m'mphuno.

Ayub anawapeza komweko. Foni ya Che Twalibu inamupeza ali pakati pa aphunzitsi anzake, ndipo nayonso sinali ya mawu otsika. Abiti Hamadi atamuona akubwera anakonzekera mkangano, ndipo akanakonda mkanganowo, chifukwa mkangano amaudziwa. Koma Ayub anagwada chapatali, napereka salamu monga mwa nthawi zonse, nawafunsa ngati adya kanthu. Kenako anapita kukaima pambali pa kabedi ka mwana wake. Ulemu umenewo unawapweteka kuposa mwano.

Che Twalibu nawonso anafika, atavala mkanjo wawo wa milandu, mafunso ali okonzeka. Sanapeze mpata wofunsa, chifukwa dokotala anawaitana onse pamodzi. Anafotokoza kuti chibayo chimayamba ndi tizilombo tolowa m'mapapo, osati ndi khalidwe la bambo kapena la mayi. Anati mapapo a khanda ndi anthete, ndipo utsi ukamalowamo tsiku ndi tsiku umawafooketsa, tizilomboto n'kupeza polowera. Khanda logona m'chipinda chotseka, momwe mukuyaka nkhuni zaziwisi, silisiyana ndi munthu wosuta fodya. Kenako anatembenukira kwa Abiti Hamadi.

"Nanga inu agogo, m'mawa mukadzuka simutsokomola?"

Ankatsokomola, zaka ndi zaka, ndipo ankati ndi ukalamba. Maso awo ofiira ankati ndi a kumtundu. Ali chikhalire pabenchi anayamba kukumbukira ana awo mmodzimmodzi. Onse anakula ndi chifuwa, ndipo Zulfa yemweyu anatsala pang'ono kupita ali wakhanda. Iwo ankangoona zoti onse ali moyo n'kumadzitama nazo, osadziwa kuti anawo anapulumuka mwa chifundo cha Mulungu. Mu wodi moyeramo anayamba kumva fungo la utsi, nayang'ana uku ndi uku kuti likuchokera kuti. Linkachokera m'zovala zawo. Anasuntha pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa benchi, ali ndi manyazi osaneneka.

Atatuluka panja Che Twalibu anangoti, "Achemwali, mwandiyalutsa," n'kupita kukafuna pokhala paokha.

Masiku a ku Liwonde anali aatali. Panali tsiku lina limene Shamim analephera ngakhale kulira, ndipo anamwino ankangolowa ndi kutuluka. Abiti Hamadi anakhala panja pa wodi akupempha dua kwa Mulungu, osalimba mtima kulowa. Zulfa anatuluka, maso atatupa, nakhala pambali pawo. Sanakalipe. Anangonena kuti chimene chikumuwawa kwambiri n'chakuti m'mawa uja, atamva foni ija, iyenso anakhulupirira kwa kanthawi, ndipo atafika kuchipatala anamufunsa mwamuna wake ngati zinali zoona. Ayub anangomuyang'ana. Abiti Hamadi anazindikira kuti pakamwa pawo panalowa mpaka m'banja la mwana wawo.

Mulungu ndi wachifundo, Shamim anachira. Anayambanso kuyamwa, timapaipi tija tinachotsedwa. Tsiku lotuluka, Ayub anawatengera Che Twalibu, amalume a mkazi wake, pansi pa mtengo, koma mawu ake ankamveka pamene panali Abiti Hamadi.

"Amjomba, zondinamizira zija ndazisiya m'manja mwa Mulungu. Koma mkazi wanga ndi mwana ndikupita nawo ku Balaka. M'nyumba muja mwana wanga sakalowamonso."

Mwa mwambo Zulfa anayenera kubwerera kwa amayi ake mpaka mwana atakhwima, ndipo nkhoswe ikanatha kukana. Koma Che Twalibu anangoyang'ana nsapato zawo. Zulfa anatsanzika amayi ake akulira, komabe anakwera minibasi ya ku Balaka. Abiti Hamadi anafuna kumunyamulako Shamim asanapite. Anatambasula manja, nakumbukira fungo lija, n'kuwabweza okha.

Abiti Hamadi anatsikira pa Nsanama ali okha, beseni ndi zofunda zili pamutu. Kumudzi mafunso anali kuwadikira. Mwana ali bwanji? Nanga mwamusiya kuti? Nanga za bambo ake zija zinatha bwanji? Ena ankafunsa ndi mtima wabwino, ena ankafuna zokakamba madzulo. Mayi amene kale mawu ake ankamveka kuchokera kumjigo mpaka kumzikiti anayamba kukatunga madzi dzuwa lili paliwombo, nthawi imene kumjigoko kulibe anthu. Manyazi akanatha kuwapirira. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti Shamim adzakula akuwadziwa anganga ake pafoni pokha.

Tsiku lina analowa m'chipinda chija n'kuchotsa thumba pazenera. Kuwala kutalowa anaona zimene anali asanazionepo chikhalire m'nyumbamo. Makoma anali bii, mwaye ukulendewera kudenga, ndipo kamalaya ka Shamim, kamene Ayub anagula koyera, kanali kotuwa ngati phulusa. Anakhala pansi n'kulira, pakuti tsopano panalibe wina womuloza chala.

Luckness anawapeza choncho. Sanawakumbutse za kuchipatala. Anangokhala nawo pamphasa, nanena kuti palibe amene amasonkha moto m'chikuta ndi cholinga chovulaza mwana, ndipo amayi ake omwe ku Phalombe ankachita chimodzimodzi. Cholinga chinali chabwino, kuti khanda lifunde, koma njira ndi imene inali yolakwika. Kenako anafunsa za mbaula imene anaiona ikutsitsidwa panjinga tsiku lija.

Abiti Hamadi anazengereza, koma anamutsogolera kunkhokwe. Atawerama anapeza kuti mbaulayo inapeza kale mwini wake. Thadzi linali litafungatira mazira m'katimo, ndipo linamujompha Luckness padzanja. Luckness anaseka mpaka kugwira mzati wa nkhokwe. Abiti Hamadi anayesa kuumitsa nkhope, koma nawonso anaseka, koyamba chibwerere ku Liwonde. Thadzilo analisamutsira m'dengu lakale pamodzi ndi mazira ake.

Anaitsuka mbaulayo, naiyanika, n'kuikhazika pakhonde pamalo osalala. Abiti Hamadi, pozolowera mafuwa, anaipakira zikuni za mango zija mpaka pakhomo pake kutsekeka. Utsi umene unatuluka unathamangitsa ndi mbuzi zomwe.

"Si izi nanga," anatero akupukuta maso. "Nayonso ikufuka."

"Mwaitsamwitsa, amayi. Moto nawonso umafuna mpweya."

Luckness anasolola zikunizo, nakathyola timitengo ta nandolo touma m'munda wa kuseri, n'kulowetsa titatu tokha, motalikirana kuti mpweya uzidutsa pakati. Moto unayaka bwino, lawi likunyambita pansi pa poto, utsi uli wochepa kwambiri. Madzi anawira Abiti Hamadi asanamalize kudandaula.

Akudikira tiyi, Luckness anawafotokozera zina. Nkhuni ziume kaye, ziwazidwe zing'onozing'ono, ndipo zisungidwe pamalo osafika mvula. Zitsononkho za chimanga ndi mitengo ya nandolo, zimene anthu amangotentha m'munda, ndi nkhuni zabwino pa mbaulayi. Phulusa la dzulo lichotsedwe moto usanasonkhedwe. Poto akhale pa tinsonga ta pamwamba tija kuti lawi lipeze potulukira, ndipo azivundikiridwa kuti chakudya chipse msanga. Koma panali chinthu chimodzi chimene anachitsindika atawayang'ana m'maso.

"Mbaulayi imachepetsa utsi, koma siuthetsa. Musadzailowetse m'chipinda chogona, ngakhale kuzizire bwanji. Ngakhale makala, amene utsi wake suoneka, amapha anthu m'nyumba yotseka. Muziphikira panja kapena m'khitchini ya mazenera, mwana ali kutali."

"Nanga khanda lizifunda ndi chiyani mu chiperoni?" Ili ndilo funso limene linkawavuta kwenikweni.

Luckness anapinda chitenje ngati khanda n'kuwaonetsa. Mayi amaika khandalo pachifuwa pake, khungu kukhudzana ndi khungu, n'kulimanga ndi nsalu. Kumutu kukhale chipewa, kumapazi masokosi, pamwamba bulangete. Thupi la mayi limafunditsa mwana bwino kuposa moto, ndipo silifuka. Abiti Hamadi anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena chapansipansi kuti zimenezi akanazidziwa kale.

Kuyambira tsiku limenelo pakhomopo panali ntchito. Abiti Hamadi anaitana Che Twalibu, nawauza kuti popeza anathandiza kuononga, athandizenso kukonza. Che Twalibu anaboola mazenera awiri m'mwamba mwa khitchini, moyang'anizana, kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Atapatsidwa tiyi wa pa mbaula anawaseka achemwali awo kuti mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma iwo anakabisa kalumoko pansi pa nkhokwe. Abiti Hamadi anasasa mwaye kudenga, nazira pansi ndi makoma ndi dothi latsopano, nachapa zofunda zonse. Nkhuni anaziyala pathandala pansi pa khonde. Posakhalitsa anazindikira kuti mtolo umene kale unkatha msanga tsopano ukukhalitsa, ndipo chifuwa chawo cha m'mawa chinayamba kuchepa. Koma foni ya ku Balaka inali ya moni wokhawokha. Zulfa ankati mwana ali bwino, akunenepa. Za kubwera sankatchula, ndipo iwo analibe nkhope yofunsira.

Kenako Fauziya, mwana wa oyandikana nawo, anachira mwana wamwamuna, ndipo amayi ake anabwera kudzaitana Abiti Hamadi monga mwa kale. Anafuna kukana, koma anaganizira khandalo. Atafika anapeza amayi adzaza pakhonde, mafuwa ali kale m'chipinda, wina akutseka zenera ndi katoni. Anati mafuwawo atuluke ndipo katoniyo ichoke. Anthu anayang'anana. Mayi wina wolongolola, yemwe uja anatula ndowa kuti akonze nkhata, anafunsa moseka ngati si iwo omwe amene ankati khanda ndi mphepo zisaonane, ndiponso ngati mdzukulu wawo sanadwale tsempho.

Abiti Hamadi analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe. Koma pothawira panalibe.

"Mdzukulu wanga sanadwale tsempho iyayi. Anadwala chibayo, ndipo moto umene utsi wake unamufooketsa ndinasonkha ndine. Mkamwini wanga ndinamunamizira pabwalo, inu mukumva. Ndiye ndikumuyeretsa pabwalo pomwe, inunso mukumva."

Abiti Hamadi analowa m'chipinda, nagwada, n'kumuonetsa Fauziya kamangidwe ka khanda pachifuwa. Anatuma munthu kukatenga mbaula yawo kuti madzi atenthetsedwe panja. Amayi aja anaizungulira, akudabwa kuti timitengo tochepa chotero tikuwiritsa ndowa ya madzi, ndipo asanabalalike angapo anali atafunsa kale kumene angaipeze.

Nkhani yonenedwa pabwalo sichedwa panjira. Iyi inafika ku Balaka Che Twalibu asanapeze mpata wopita ndi chipepeso.

Loweruka lina m'mawa kunamveka njinga yamoto. Anali Ayub. Abiti Hamadi anali pakhonde akuphika nandolo pa mbaula, ndipo ataona kuti kumbuyo kwa njinga kulibe munthu anagwa mphwayi. Ayub anapereka salamu ali chapatali, nakhala pampando umene anamuikira pansi pa mango. Atacheza pang'ono za kuzizira ndi za sukulu, anapempha chinthu chimene mkamwini sapempha: kuti aone chipinda chimene mwana wake ankagona. Tsiku lina lililonse pempho lotere likanakathera kwa ankhoswe. Abiti Hamadi, atayang'ana kumbali, anangoti chitseko n'chotsegula.

Analowa, nakhalamo kanthawi. Anasuzumiranso m'khitchini, nayang'ana mazenera aja ndi nkhuni za pathandala. Atabwerera anapeza apongozi ake atagwada pakhonde, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Bambo a Shamim, ndinakulakwirani. Munandibweretsera chabwino, ine n'kukubwezerani chipongwe. Mundikhululukire."

"Zinatha, amayi," anayankha Ayub. Anatsanzika, naliza njinga, n'kumapita.

Abiti Hamadi anatsala ali chigwadire. Anadziuza kuti n'zoyenera, kuti munthu akakukhululukira sindiye kuti akupatsenso mwana wake. Anabwerera pa mbaula, nakankhira kamtengo m'kati, osaona bwino chifukwa cha misozi. Nandolo asanapse, njinga ija inamvekanso. Kumbuyo kwake kunali Zulfa, khanda lili pachifuwa m'chitenje. Nthawi yonseyi anali atakhala pakhonde la golosale pa Nsanama, kudikira kuti mwamuna wake akaone kaye ndi maso ake.

Ayub anamasula yekha mwanayo kwa mayi ake. Anayenda mpaka pakhonde penipeni, pamene mkamwini safika, nawerama, n'kumuika m'manja mwa apongozi ake. Shamim anali atalemera. Abiti Hamadi anachoka naye pafupi ndi moto osauzidwa ndi munthu, nakakhala kumapeto kwa khonde kumene kunali kamphepo kayaziyazi. Anaika khutu pachifuwa pake nthawi yaitali. Mwanayo ankapuma pang'onopang'ono, mosavutika. Atakweza mutu anaona Ayub akumasula chikwama cha zovala panjinga n'kumachilowetsa m'nyumba.

Utsi wa m'nyumba ndi woopsa, makamaka kwa makanda ndi kwa amayi amene amakhala pamoto tsiku ndi tsiku. Tiziphikira pa mbaula yosaononga nkhuni, ndi nkhuni zouma, panja kapena m'khitchini ya mazenera. Moto usalowe m'chipinda chogona khanda. Khanda lifunde pachifuwa pa mayi ake. Ndipo mwana akayamba kupuma mothamanga, kapena m'munsi mwa nthiti mukamalowa m'kati, tisataye nthawi kufunafuna wolakwa. Tithamange naye kuchipatala tsiku lomwelo.